Chibale ndi fupa, ndipo asayansi ayamba kulipera

Mwambi woti chibale ndi fupa, sichiwola, umamveka kwambiri pa nthawi ziwiri. Yoyamba ndi pamaliro, pamene nkhoswe zikuyanjanitsa abale amene atha zaka akulambalalana chifukwa cha malire a munda. Yachiwiri ndi kumapeto kwa mwezi, pamene msuweni amene sanaimbeko foni chaka chonse wakumbukira mwadzidzidzi kuti mwana wa azakhali ake ali pantchito ku Lilongwe. Uthenga wa pa WhatsApp umayamba ndi moni wautali, umafunsa za ana amene ngakhale mayina awo sakuwadziwa, kenako umathera pa nambala yotumizirapo ndalama. Wolandira akachedwa kuyankha, mwambi uja umafika wokha mu uthenga wachiwiri.

Makolo ankangophiphiritsa. Koma kunja kuno kuli anthu amene anautenga mwambiwu mmene ulili. Amalowa m'mapanga, amatola mafupa, amavala zovala zobisa thupi lonse mpaka nkhope, n'kumaboola mafupawo ndi kachipangizo ka dokotala wa mano kuti apeze kaufa kochepa. M'kaufako amasakamo DNA, ndipo DNA ija imawauza kuti mwini fupa anali m'bale wa ndani. Chiyambire ntchito imeneyi, mtundu wa anthu wakhala ukulandira abale atsopano amene palibe anawaitana.

Woyamba kugogoda anatulukira ku Germany mu 1856. Anthu ophwanya miyala ya laimu m'chigwa cha Neander, pafupi ndi mzinda wa Düsseldorf, anafukula chibade chokhala ndi mphumi yotsetsereka komanso mafupa okhuthala a miyendo. Akatswiri ena a nthawiyo anam'kanitsitsa m'bale ameneyu kwamtuwagalu. Rudolf Virchow, dokotala wotchuka kwambiri m'dzikolo, anati anali munthu wamba amene mafupa ake anapindika ndi matenda. Pulofesa wina wa ku Bonn, August Mayer, anapitirira pamenepo: anati anali msilikali wa ku Russia wa nkhondo ya m'nthawi ya Napoleon, amene miyendo yake inakhota chifukwa chokwera kavalo, ndipo analowa m'phangamo kukafa atavulala. Kumene kunapita yunifolomu ndi zida za msilikaliyo, pulofesayo sanafotokoze.

Kwa zaka zoposa 100, dzina lake loti Neanderthal linasanduka chitonzo kwa Azungu. Munthu wosaganiza, wodya mosasamba m'manja, ankamutchula choncho. Ndiye mu 2010 gulu la Svante Pääbo, wasayansi wa ku Sweden wogwira ntchito ku Max Planck Institute mu mzinda wa Leipzig, linawerenga DNA ya m'mafupa atatu a m'phanga la Vindija ku Croatia. Zotsatira zake zinati anthu a ku Ulaya ndi ku Asia ali ndi DNA ya a Neanderthal m'thupi mwawo, imene masiku ano imawerengedwa kuti ndi pafupifupi magawo awiri pa 100 alionse. Amene ankamutukwana uja anapezeka kuti ndi agogo.

Anthu a mu Africa anaseka, koma anafulumira. Mu 2020 ofufuza a ku yunivesite ya Princeton anapeza kuti nawonso ali nako kachigawo kochepa, pafupifupi 0.3 peresenti, kamene kanabwera ndi anthu amene anachoka ku Ulaya ndi ku Asia kalekale n'kubwerera kuno. A Neanderthal anatha zaka pafupifupi 40,000 zapitazo, koma pa mndandanda wa abale sanafufutike.

Pääbo mwini wake nkhani za chibale chobisika amazidziwa bwino. Bambo ake, Sune Bergström, anali ndi banja lina, ndipo mwanayu anakula ndi mayi ake, akudziwika ndi dzina la mayiwo. Bergström analandira mphoto ya Nobel ya zamankhwala mu 1982. Mu 2022, patatha zaka 40 ndendende, mwana wa kumbali uja analandiranso mphoto yomweyo.

M'bale wachiwiri anabwera modzichepetsa kwambiri. Mu 2008, m'phanga la Denisova ku mapiri a Altai, ku Siberia, anatola kafupa ka nsonga ya chala chaching'ono cha mwana wamkazi. Kafupako kanaulula mtundu wathunthu wa anthu umene panalibe ankaudziwa, umene tsopano umatchedwa a Denisovan. Anthu a ku Papua New Guinea anapezeka kuti ali ndi DNA ya mtunduwu yofika magawo anayi kapena asanu pa 100. M'phanga lomwelo munatulukanso kachidutswa ka fupa la mtsikana wa zaka pafupifupi 13 amene anakhalako zaka 90,000 zapitazo. Mu 2018 zinadziwika kuti mayi ake anali Neanderthal pamene bambo ake anali Denisovan. Ngati ukwatiwo unali wa chikamwini kapena wa chitengwa, mafupa sananene.

Chimene chinawathandiza kudziwa kuti mayi ndi uti n'chinthu chimene Mchewa aliyense angavomereze akugwedeza mutu. M'maselo a munthu muli kaDNA kena kapadera, ka mu mitochondria, kamene mwana amalandira kwa mayi okha. Bambo, ngakhale atalipira fizi mpaka ku yunivesite, kakeko sikadutsa. Mu 1987 Rebecca Cann, Mark Stoneking ndi Allan Wilson analondola mzere umenewu, kuchoka kwa mwana kupita kwa mayi, kwa agogo aakazi, mpaka kumbuyo, ndipo anapeza kuti mizere ya anthu onse a padziko imakakumana kwa mayi mmodzi amene ankakhala mu Africa zaka pafupifupi 200,000 zapitazo. Sanali mkazi yekhayo pa nthawiyo, koma ndi mzere wake wa kuchikazi wokha umene sunaduke. Ofufuzawo anafunika ndalama ndi zipangizo kuti afike pa mfundo imene eni mbumba a ku Dedza ndi ku Katete amagamulira milandu pansi pa mtengo.

Vuto la abale n'lakuti samangosiya dzina. Amasiya katundu, ndipo kagawidwe kake kamakhala ngati ka chuma chamasiye, kumene wina amatenga munda wa kudimba pamene mnzake amatsala ndi ngongole ya malemu. Anthu a ku Tibet ndi amene anatenga dimba. Amakhala m'mapiri otalika mamita oposa 4,000, pamene Sapitwa, nsonga ya Mulanje, imathera pa mamita 3,002. Mlendo akakhalitsa kumeneko magazi ake amalimba chifukwa thupi limapanga maselo ofiira ambiri pofuna kukoka mpweya wopereŵerawo. A ku Tibet ambiri zimenezi siziwachitikira, chifukwa cha kachigawo ka DNA kotchedwa EPAS1, kamene mu 2014 kanapezeka kuti mtundu wake umene iwo ali nawo unachokera kwa a Denisovan.

Ngongole inaonekera nthawi ya Covid-19. Mu 2020 Hugo Zeberg ndi Pääbo analengeza kuti kachigawo kena ka DNA pa chromosome 3, kamene kamawonjezera chiopsezo choti munthu adwale mwakayakaya akagwidwa ndi matendawa, n'kochokera kwa a Neanderthal. Pafupifupi theka la anthu a kumwera kwa Asia ali nako, ku Ulaya ndi anthu 16 pa 100 alionse, pamene mu Africa sikapezekapezeka. Munthu ankatha kugona pa makina othandizira kupuma ku London kapena ku Dhaka chifukwa, mwa zina, cha chibwenzi chimene chinachitika zaka zoposa 40,000 zapitazo. Chaka chotsatira, ofufuza awiri omwewo anapezanso kachigawo kena kochokera kwa a Neanderthal, pa chromosome 12, kamene kamachepetsako chiopsezocho. Agogo amenewa ankapereka ndi manja onse awiri osayang'ana zimene anyamula.

Mafupa alowereranso nkhani za m'khitchini. M'mizinda mwabuka anthu amene akuti asiya nsima, mpunga ndi mbatata, akungodya nyama, mazira ndi ndiwo zamasamba, ati chifukwa ndi mmene makolo a m'mapanga ankadyera. Amatchula kadyedweka kuti paleo, ndipo amakauza aliyense ngakhale amene sanafunse. Tsoka lawo n'lakuti makolowo sankatsuka mano. Litsiro louma lokakamira m'mano limasunga tizidutswa ta chakudya kwa zaka masauzande ambiri, ndipo Amanda Henry ndi anzake atalipala pa mano a Neanderthal wa m'phanga la Shanidar ku Iraq anapezamo zotsalira za zipatso za kanjedza, mbewu za m'gulu la nyemba ndi balere wakutchire, wina wake wophika.

Mu 2017 Laura Weyrich ndi gulu lake anayerekeza mano a ku Spy, ku Belgium, ndi a ku El Sidrón, ku Spain. A ku Spy ankadya chipembere chaubweya ndi nkhosa zakutchire. M'mano mwa a ku El Sidrón munapezeka bowa, njere za paini ndi ndere. Mmodzi mwa iwo, amene anali ndi chithupsa m'kamwa, anapezeka ndi zotsalira za mtengo wa poplar, umene uli ndi mankhwala a m'gulu la aspirin. Zikuoneka kuti kutafuna khungwa dzino likavuta sikunayambe ndi asing'anga a dzana.

Kufupi ndi kwathu kuno umboni uliponso. M'phanga la Ngalue, m'chigawo cha Niassa ku Mozambique, kum'mawa kwa nyanja, Julio Mercader wa ku yunivesite ya Calgary analengeza mu 2009 kuti wapeza tizidutswa ta ufa wa mapira akutchire pa zida zamiyala za zaka zoposa 100,000. Ku Border Cave, kumalire a South Africa ndi Eswatini, Lyn Wadley ndi anzake anapeza mizu yootcha ya zaka pafupifupi 170,000. Komabe okonda nsima asathamangire kuimba nthungululu. Chimanga n'chakubwera: kwawo ndi ku Mexico, ndipo chinafika mu Africa chaka cha 1500 chitadutsa kale. Pa mbiri ya mimba ya munthu, mgaiwa ndi mlendo wa dzulo, ndipo mwini mudzi ndi mapira.

Pali pamene mwambi uja umatsimphina. Fupa limawola ndithu, ndipo DNA imawola msanga kuposa fupa, makamaka kumalo otentha ndi achinyezi. N'chifukwa chake mapanga ozizira a ku Siberia atulutsa abale ambiri pamene Africa, kumene munthu anachokera, watulutsa ochepa. Nsagwada imene gulu la Friedemann Schrenk ndi Timothy Bromage linapeza ku Uraha m'boma la Karonga mu 1991, ya mtundu wa Homo rudolfensis, ili ndi zaka pafupifupi 2.4 miliyoni. Pa msinkhu umenewo fupa limakhala litasanduka mwala, ndipo ofufuza amadalira kwambiri maonekedwe a nsagwada ndi mano.

Koma Malawi anachitako mwayi. Mapanga a ku phiri la Hora ku Mzimba, a Fingira ku Nyika ndi a Chencherere ku Dedza anasunga mafupa amene DNA yake inatheka kuwerengedwa. Kafukufuku wa mu 2017, amene Jessica Thompson anatengamo mbali, anawerenga DNA ya anthu amene anakhala m'malo amenewa pakati pa zaka 8,100 ndi 2,500 zapitazo, ndipo wa mu 2022 anawonjezera makanda a ku Hora a zaka zoposa 14,000, amene ali m'gulu la DNA yakale kwambiri imene yawerengedwapo kumwera kwa chipululu cha Sahara. Aliyense akanayembekezera kuti apa ndiye papezeka agogo enieni a Amalawi.

Zinatembenuka. Anthu a m'mapangawo anali alenje ndi otola zipatso, ndipo DNA yawo inafanana ndi ya a San a kumwera kwa Africa komanso ya a Hadza a ku Tanzania. Mwa Achewa, Atumbuka, Ayao ndi Angoni amene anayezedwa, chizindikiro cha anthu amenewa sichinaoneke. Amalawi a lero ndi zidzukulu za alimi amene anayamba kufika kuno zaka pafupifupi 2,000 zapitazo, pa ulendo umene unayambira cha kumalire a Nigeria ndi Cameroon. Nthano zimawakumbukira amene anapezeka kale m'dzikoli, Akafula, anthu afupiafupi amene akakumana ndi munthu ankafunsa kuti: "Mwandionera pati?" Wofuna kukhala ndi moyo ankayankha kuti waonera kutali. Asayansi nawo awaonera kutali ndithu, zaka 14,000, koma yankho limene abweretsa n'lakuti Mjeremani ali ndi gawo lalikulu la Neanderthal kuposa limene Mchewa ali nalo la munthu amene anagona m'phanga la m'boma lake lomwe.

Ndipo pomwe pali abale ndi mafupa, mkangano wa kumene malemu akagone sulephera. Mu June 1921, anthu okumba mtovu ndi zinki mu mgodi wa Broken Hill, kumene lero ndi Kabwe ku Zambia, anafukula chibade chathunthu bwino cha munthu wakale. Mano ake ambiri anali obooka, ndipo ndi mmodzi mwa anthu akale kwambiri odziwika kuti anavutika ndi mano owola. Kampani ya mgodiyo inachitumiza ku London chaka chomwecho. Mu 2020 anachiyezanso n'kupeza kuti chili ndi zaka pafupifupi 299,000. Boma la Zambia lakhala likupempha kuyambira m'ma 1970 kuti m'bale wawoyu abwerere kumudzi, ndipo nkhaniyi inafika mpaka ku komiti ya UNESCO. Mpaka pano chibadecho chili ku Natural History Museum ku London, ndipo mwana wasukulu wa ku Zambia akafuna kuchiona kwawo amaonetsedwa choumba chofanizira.