Ndewu Simanga Mudzi, Nanga Gotham Anamanga Ndani?

Ndewu simanga mudzi, anatero akuluakulu, koma mu Julaye 2025 mwambiwu unaoneka ngati wakalamba. Kanema watsopano wa Superman, wokonzedwa ndi James Gunn, anabweretsa ndalama zoposa madola 600 miliyoni, ndipo katundu wamkulu amene anthu ankalipira pakhomo anali zibakera. M'kanemayo mzinda wa Metropolis ukung'ambika pakati, nyumba zosanja zikugwa, ngwaziyo n'kupezabe mpata wopulumutsa gologolo. Mu Epulo 2024, kope limodzi la Action Comics nambala 1, komiki ya 1938 imene Superman anaonekeramo koyamba, linagulidwa pa okushoni ndi madola 6 miliyoni. Poyamba linkagulitsidwa masenti 10. Pachikuto pake pali bambo wovala kabudula wamkati pamwamba pa thalauza, akuswa galimoto ya eni ake pamwala. Ndewu yotereyi yamanga mudzi ndithu, wamagetsi ndi madzi a m'mipope, ngakhale kuti Jerry Siegel ndi Joe Shuster, amene anayambitsa Superman, anagulitsa umwini wake ndi madola 130 okha.

Kuti mwambiwu uyesedwe bwino, m'pofunika kulowa m'nkhanimo, ndipo malo oyenera ndi Gotham, mzinda wa Batman. Batman anayamba ntchito mu 1939, mu Detective Comics nambala 27. Mdani wake Joker anatulukira mu 1940. Kuyambira pamenepo ndondomeko yawo sinasinthe kwenikweni. Joker amathawa, amapha anthu, Batman amamupeza, amamuthibula, amamupereka kwa apolisi. Kuyambira 1974 amakamusunga ku Arkham, chipatala cha odwala misala chimene zitseko zake zimatseguka mosavuta kuposa za pamsika. Pakapita miyezi ingapo, Joker ali panja. Zaka zoposa 80 za nkhonya, ndipo palibe chaka chimene mayi wa ku Gotham anayenda usiku mtima uli m'malo.

Batman ali ndi lamulo lake: sapha munthu ndipo sagwira mfuti, poti mfuti ndiyo inapha makolo ake iye akuona. M'makomiki oyambirira ankapha ndithu, koma akonzi anamuletsa msanga. Lamuloli limamusiya pakatikati. Si munthu wamtendere, chifukwa nthiti amathyola ndipo mano amagulula. Si msilikalinso, chifukwa nkhondo yake saimaliza. Wasankha mlingo wa ndewu wokwanira kupweteka koma wosakwanira kuthetsa kalikonse. Komatu masana bambo yemweyu ndi Bruce Wayne, mpondamatiki wa mzindawo. Ndalama zimene amawononga pa galimoto, ndege, njinga yamoto ndi malaya a mleme zikanagula loko wabwino wa ku Arkham, n'kutsalako zolipira alonda mokwanira kuti asamalandire ziphuphu. N'zoona kuti ali ndi bungwe lothandiza osauka, Wayne Foundation, koma limangotchulidwa m'mizere iwiri nkhani isanabwerere padenga.

Mlandu wotere ukanafika pabwalo la mfumu, sukanatha mwezi. Nyakwawa ikanafunsa kuti mkanganowu gwero lake n'chiyani, mboni zikanayankhula, wina akanalipa mbuzi, ndipo onse awiri akanauzidwa kuti akavule zovala zochititsa mantha ana.

Olemba makomiki eni ake amalidziwa vutoli. Mu 1988 Alan Moore analemba The Killing Joke, nkhani imene imayamba ndi Batman akupita ku Arkham kukangocheza ndi Joker, poona kuti akapitiriza chonchi mmodzi adzapha mnzake. Akupeza kuti m'chipindamo mwakhala munthu wina wodzipaka nkhope. Mwini wake wathawa kale. Kumapeto, Joker atawombera Barbara Gordon, mnzake wa Batman, n'kumulumalitsa, Batman akumupemphabe kuti alole kuthandizidwa. Joker akukana, akuti nthawi inatha. Tsamba limeneli ndi lolemera kuposa zibakera zonse za m'bukumo, chifukwa munthu amene amapambana ndewu iliyonse akuvomera kuti kupambanako sikunachiritse aliyense.

Chaka chomwecho kampani ya DC, yofalitsa makomikiwa, inafunsa owerenga kuti aimbe foni, masenti 50 ulendo umodzi, kuti asankhe ngati Robin wachiwiri, Jason Todd, mnyamata wothandiza Batman, afe kapena apulumuke Joker atamumenya ndi chitsulo. Ofuna kuti afe anali 5,343, ofuna kuti akhale moyo 5,271. Mnyamatayo anafa ndi mavoti 72. Mu 2005 anabweranso ali moyo, atatenga dzina loti Red Hood, ali ndi mfuti m'manja monse, atakwiya kuti Batman sanaphe Joker pomubwezerera. Ku Gotham ngakhale maliro sathetsa nkhani. Superman nayenso anafa mu 1992 pomenyana ndi chilombo chotchedwa Doomsday, makope anagulidwa mamiliyoni, ndipo mu 1993 anali atadzuka.

Ngwazi zokana ndewu zinayesedwapo. Mu 1968, nkhondo ya ku Vietnam ili mkati, Steve Ditko ndi Steve Skeates anabweretsa abale awiri, Hawk wokonda nkhonya ndi Dove wokana kumenya. Komiki yawo inatuluka kasanu ndi kamodzi n'kutsekedwa, ndipo m'nkhani ya Crisis on Infinite Earths ya 1985 ndi 1986 amene anaphedwa ndi Dove. Chifukwa chake sichovuta kuchiona. Komiki imatuluka mwezi ndi mwezi, ndipo mtendere umagulitsidwa kamodzi kokha. Tsiku limene Joker adzachire, anthu ambiri ku ofesi ya DC adzayamba kulemba makalata ofunsira ntchito. Choncho Gotham sungamangike, popeza kusamangika kwake ndiye maziko a mudzi winawo.

Nanga zogumukazo amakonza ndani? Ku Marvel, kampani ina ya makomiki, funsoli linayankhidwa ndi Dwayne McDuffie ndi Ernie Colón, amene kumapeto kwa zaka za m'ma 1980 anayambitsa Damage Control, nkhani ya kampani yomanga imene imabwera ngwazi zikachoka, kudzachotsa zigumu ndi kulemba mabilu. Anthu ake ndi akalaliki, mainjiniya ndi amisiri, ndipo n'kutheka kuti ndi okhawo m'makomiki onse amene ntchito yawo imaoneka pothera.

Ku Gotham yankho linali lochititsa manyazi. M'nkhani za 1998 chivomezi chinagwetsa mzindawo, ndipo mu No Man's Land ya 1999 boma la America linausiya, n'kuphulitsa milatho yolowera kumeneko. Batman anatha miyezi yambiri akulimbana ndi magulu a zigawenga, msewu ndi msewu. Amene anafika ndi simenti, mathirakitala ndi amisiri anali Lex Luthor, mdani wamkulu wa Superman, munthu wopanda mphamvu zodabwitsa kupatula chikwama. Cholinga chake chinali kulanda malo a mumzindamo ndi mapepala achinyengo, ndipo Batman anamutulukira, koma nyumba zinali zitayamba kale kukwera. Pachisankho cha 2000, m'makomiki omwewo, anthu a ku America anasankha Luthor kukhala pulezidenti wawo.