Kalata kwa makina akale ogulitsa zoziziritsa kukhosi

Kwa inu agogo ofiira amene mwatsamira khoma kuseri kwa nyumba yathu ku Nangongwe,

Ndalemba kuti ndikupempheni chinthu chimodzi, kuti mundilezere mtima. Ine si mmisiri wa mafiriji. Ntchitoyi ndikuiphunzirira pathupi panu, ndipo manja a wophunzira amachedwa.

Mukudziwa kumene munkapita. Kuno ku Kafue chitsulo chakutha sichikhalitsa pabwalo, chifukwa fakitale ya zitsulo ili pafupi, ndipo ng'anjo yake imasungunula zakale kuti zisanduke ndodo zomangira nyumba. Anyamata otola zitsulo amayang'ana sikelo basi. Sindikuwanena, nsima yawo imachokera pamenepo. Koma kumbuyo kwanu kunali kachitsulo kolembedwa Vendo, kampani imene inayambira ku Kansas City mu 1937, ndipo mtima wanga unakana kuti chinthu chimene chinaoloka nyanja chithere m'moto ndikuona. Ndinalipira mtengo wa pasikelowo n'kukutengerani kwathu.

Ndayambira kumapazi anu, kumene dzimbiri ladya kwambiri, pakuti madzi onse a thukuta la mabotolo ankadikha pamenepo. Masikuluwu ouma ndimawathira parafini madzulo, m'mawa ndi pamene ndimawapotokola pang'onopang'ono kuti mutu usaduke. Ndisanamasule chilichonse ndimayamba ndajambula ndi foni, ndipo tizitsulo ta malo amodzi timakhala m'chitini chakechake. Labala wa pachitseko wafumbutuka. Thonje la galasi lotchinga kutentha, la pakati pa malata anu, makoswe analisandutsa chisa. Zonsezo zidzasinthidwa. Penti yofiira yowala ibwera pomaliza, bulashi ya waya, sandipepala ndi penti yoteteza dzimbiri zikatha ntchito yawo, ngakhale kuti aliyense wodutsa pano amafunsa za pentiyo poyamba.

Sindinakulumikizeni kumagetsi, ndipo musaone ngati ndakunyalanyazani. Kachitsulo kaja kakunena mavoti 115, pomwe magetsi athu ndi a mavoti 230. Kakunenanso kuti m'mapaipi mwanu mumayenda gasi wa R-12, yemwe mayiko anagwirizana ku Montreal mu 1987 kuti amusiye chifukwa amawononga mpweya wa ozoni wotitchinjiriza ku dzuwa. Mayiko ngati lathu anapatsidwa nthawi mpaka 2010. Bambo wina wokonza mafiriji, amene amandilola kukhala pambali pake akamagwira ntchito, anandiletsa kudula paipi iliyonse ndekha. Gasi wotsalayo adzamupopera m'botolo lake, kenako tidzaika kompuresa yatsopano ya magetsi akuno, yoyendera R-134a ndi mafuta akeake, chifukwa mafuta akale sagwirizana ndi gasi ameneyu.

Apa ndi pamene ndinasinkhasinkha kwambiri. Ku America kuli anthu amene amasonkhanitsa abale anu, amawapukuta mpaka kunyezimira n'kuwaimika pabalaza, ndipo kwa iwo chitsulo chilichonse choyambirira n'chamtengo. Ine ndikukuchotsani mtima umene munabwera nawo. Ndikhululukireni, agogo. Ndasankha chotero chifukwa munapangidwa kuti muziziziritsa, ndipo aliyense amene anayendapo wapansi mu Kafue dzuwa la mu Okutobala likuswa mtengo akudziwa phindu la botolo lozizira.

Chimene chimandisangalatsa koposa ndi kabokosi kanu kolandira ndalama. Nditakatsuka ndinakhala nako nthawi yaitali padzuwa, kukatembenuza uku ndi uku. Mulibe kompyuta mmenemo. Khobidi limagwera pakachitsulo koyesa kukula ndi kulemera kwake, likakwanira limagubuduzika kudutsa pafupi ndi maginito, ndipo lachinyengo limaphonya njira n'kubwerera kwa mwini wake. Amene anaganiza zimenezi anali munthu wodekha. Pakamwa panu panakonzedwa kuti pazilandira ma ngwee aja okhala ndi nkhope ya Kaunda, amene anayamba mu 1968. Akuluakulu akuno, ena mwa iwo amene ankagwira ntchito ku Kafue Textiles ndi ku Nitrogen Chemicals, akakuonani amayamba kusimba za masikuwo, pamene khobidi limodzi linkagula kanthu. Amakumbukanso zaka za m'ma 1980, ndalama zakunja zitasowa, anthu akumwa Tip Top ndi Tarino m'malo mwa Coca-Cola. Kenako kwacha inagwa mpaka makobidi anasiya kuyenda, ndipo makina odya makobidi analibenso chakudya. Sikuti munawonongeka poyamba ayi. Ndalama ndi imene inakuthawani.

Koma makobidi anabwerera. Mu Januwale 2013 Bank of Zambia inachotsa maziro atatu pa kwacha n'kutulutsa ndalama zachitsulo, ndipo mu 2025 kunabwera khobidi la K2 ndi la K5. Ndiye ntchito imene ndikuiopa, komanso kuilakalaka, ndi yokuphunzitsani kuzindikira K5: kukulitsa kabowo, kusuntha kachitsulo koyesera kaja pang'ono, kuponya khobidi, kusunthanso. Apo ndi pamene kuleza mtima kwanu kudzafunike kwambiri.

Magetsi nawo amavuta. Chilala cha 2024 chinaphwetsa madzi ku Kariba, ndipo tinkakhala mumdima nthawi yaitali. N'chifukwa chake ndikufuna kukutchingirani bwino m'kati ndi kuika labala wogwira zolimba pachitseko, kuti magetsi akazima mabotolo asafunde msanga.

Loweruka kukubwera wowotcherera kudzadula pansi panu powola paja n'kuikapo lata latsopano. Tidzakugonekani chagada pamatayala akale kuti mbali zanu zisapindike, ndipo mapaipi a gasi ndidzawaphimba ndi saka lonyowa moto usanayambe.

Ine wophunzira wanu,
wa ku Nangongwe