Kalata Yochokera ku Joni Yokhudza Galimoto Imene Yayamba Kubereka Oyilo

Johannesburg

Kwa a Malume ndi onse a pakhomo kwa Changata, Thyolo,

Kalatayi ikufotokoza za pampu ya petulo ya galimoto ya mtundu wa Nissan 1400 imene mwana wa mlongo wawo wa a malume, amene m'kalata muno atchedwa mlembi, anatumiza kumudzi kuti izinyamula nthochi ndi odwala. Mlembi ali bwino, kupatula kuzizira kumene kumavuta kuno m'miyezi ya June ndi July, ndipo akukhulupirira kuti a pakhomo nawonso akudzuka bwino. Kalatayi yalembedwa poyankha uthenga wa mawu wa pa WhatsApp, umene unanena kuti pansi pa injini pakudontha petulo ndiponso kuti galimoto ikutsamwa pokwera zitunda za pakati pa Makwasa ndi Thyolo boma, koma unamaliza ndi nkhani imene a malume anaitcha yabwino, yoti oyilo akuchuluka yekha m'injini ngakhale palibe amene wathiramo wina. Mlembi wamvanso kuti nkhani yomalizayi yafika kale kutchalitchi ngati umboni, ndipo akupempha kuti umboniwo uyambe waimitsidwa.

Galimoto imeneyi inkapangidwa ku Rosslyn, kufupi ndi Pretoria, mpaka m'chaka cha 2008, kutanthauza kuti ngakhale yomaliza kutuluka m'fakitale yafika kale pa msinkhu wa mwana wa kusekondale, pamene ya a malume ndi yaikulu kwambiri kuposa pamenepo. Injini yake, yotchedwa A14, imalandira mafuta kudzera mu kabuleta, chipangizo chosakaniza petulo ndi mpweya, ndipo pampu yake siyendera magetsi monga zimakhalira m'galimoto zamakono zimene pampu imakhala m'thanki. Imamangidwa pambali pa injini ndi mabawuti awiri, ndipo ili ndi kamkono kachitsulo kolowa mkati, kamene kamakankhidwa ndi camshaft, mtanda wozungulira umene umatsekula ndi kutseka mavalavu. Kamkonoko kamakoka diaphragm, kachikopa ka labala kamene kamakwera ndi kutsika ngati mvukuto wa wosula makasu, ndipo m'kukwera ndi kutsikako kamayamwa petulo kuthanki ndi kumukankhira ku kabuleta.

Chofunika kumvetsa n'chakuti kachikopako ndiye malire okhawo pakati pa petulo, amene amadutsa pamwamba pake, ndi oyilo, amene ali kunsi kwake. Kakang'ambika, petulo wina amatulukira pa kabowo kamene opanga anaika dala pansi pa pampu kuti kazichenjeza mwini galimoto, ndipo amenewo ndiwo madontho amene ana akuwaona m'mawa. Wina amatsetsereka motsatira kamkono kaja n'kukagwera mu sampu, m'mene mumakhala oyilo, kotero kuti munthu akasolola kachitsulo koyezera amapeza mlingo wakwera. A malume akupemphedwa kuti asololenso kachitsuloko ndi kukanunkhiza, kenaka afikise oyiloyo ndi zala, pakuti adzapeza kuti wasungunuka ndipo akununkha ngati pamalo omwetsera mafuta. Oyilo wotere sathanso kuteteza zitsulo kuti zisakhulane, ndipo injini ikapitiriza kuyenda naye mabeyaring'i amaperepeseka mpaka imayamba kugogoda, phokoso limene kuno ku Joni limatanthauza kuti mlembi agwira ntchito miyezi ingapo popanda kutumiza kanthu ka feteleza. Kutsamwa pamtunda kukuchokera pomwepo, popeza pampu yobooka siingakwanitse mafuta amene injini imafuna ikalemedwa ndi mikoko ya nthochi pamodzi ndi achibale amene amakwera pamwamba pa mikokoyo.

Za chimene chinang'amba kachikopako, a zakhali akuti anaona mnansi wina akuiyang'anitsitsa galimoto tsiku limene inafika. Mlembi, pokhala mwana, sangatsutse akuluakulu, koma akuona kuti labala wa zaka zochuluka chotere amauma ndi kusweka popanda kuvutitsa mfiti. Komanso kuyambira m'chaka cha 1982 petulo wa ku Malawi amasakanizidwa ndi ethanol, wopangidwa kuchokera ku zotsalira za nzimbe, poyamba ku Dwangwa ndipo pambuyo pake ku Chikwawa. Ethanol ndi mowa womwewo umene umapezeka m'kachasu, ndipo amafulumizitsa kufooka kwa labala wa mtundu wakale. A malume sakufunika kuuzidwa zimene kachasu amachita m'thupi lokalamba. Petulo wogula m'zigubu pa nthawi ya kusowa kwa mafuta amawonjezera vuto lina, chifukwa nthawi zambiri amabwera ndi mchenga ndi madzi zimene zimawononga timavalavu ta mkati mwa pampu.

Njira zimene zaganiziridwa kale pakhomo zafika m'makutu a mlembi. Sopo amathandizadi kumata kabowo ka pathanki kwa kanthawi, chifukwa petulo samusungunula, koma kumata naye kabowo ka pansi pa pampu n'kutsekera petulo yense njira yotulukira kunja kuti apite mu sampu, ndipo umboni wa kutchalitchi uja ungakule kawiri. Maganizo oika chigubu padenga la galimoto kuti petulo azitsikira yekha ku kabuleta ndi anzeru pa sayansi, ndipo amatha kufikitsa munthu kwawo galimoto ikafera panjira, koma sangakhale dongosolo la tsiku ndi tsiku kwa dalaivala amene amayendetsa ndudu ya chingambwe ili pakamwa.

Choyenera kuchitika n'chakuti galimoto iimikidwe kutali ndi khitchini ya udzu ndi nkhokwe, ndipo isalizidwenso. Makaniko ayambe waona ngati kudontha sikukuchokera pa mapaipi a labala kapena pa zomangira zake, ngakhale kuti kukwera kwa oyilo kwaloza kale pampu. Injini itazizira, achotse waya wa batire wa kunegetivi, amasule mapaipi awiri ndi kutseka lochokera kuthanki, kenaka amasule mabawuti. Pakati pa pampu ndi injini pakapezeka kachidutswa kochindikala kotchedwa spacer, kasatayidwe ngati nyansi, popeza ndi kamene kamasunga mtunda woyenera wa kamkono. Malowo apalidwe bwino, paikidwe magasiketi atsopano, ndipo kamkonoko kakhale bwino pa camshaft mabawuti asanalimbitsidwe. Oyilo yense akhetsedwe ndi kusinthidwa pamodzi ndi sefa yake, ndipo wakaleyo asasungidwe m'botolo poyembekezera tsiku lina, monga mwa chizolowezi cha pakhomo. Pafupi pakhale ndowa ya mchenga, chifukwa petulo amayandama pamadzi ndipo moto wake umafalikira ukathiridwa madzi.

Pampu yatsopano, magasiketi, sefa ya petulo ndi paipi ya labala zaperekedwa kwa wonyamula katundu amene adutsa pa Beitbridge, Nyamapanda, Tete ndi Mwanza, ndipo zikalandiridwe ku Limbe m'katoni imene mulinso bulangete la agogo, limene ndi la agogo okha. Ndalama ya oyilo ndi ya makaniko itumizidwa pa Mukuru m'dzina la mayi ake a mlembi, pa zifukwa zimene a malume akuzidziwa. Pempho la matayala anayi lalandiridwa, ndipo liganiziridwa lipoti likadzafika loti oyilo wasiya kubereka.

Mwana wa mlongo wawo,
ku Joni