Momwe Mungawonongere Tsiku la Chimwemwe cha Ana ku Kachulu

Kuwononga chikondwerero cha ana aang'ono sikulira munthu wouma mtima. Kawirikawiri amachiwononga ndi anthu okonda ana: mphunzitsi wakhama, akomiti ya sukulu, makolo ofuna kuti mudzi wawo utchuke. Malangizo awa ndi anu aphunzitsi a Sitandade 1 ndi 2, komanso alezi a m'sukulu za mkombaphala za m'mbali mwa nyanja ya Chilwa, amene mwakonza tsiku loti ana aphunzire za chimwemwe. Mukawatsatira onse, ana adzabwerera kwawo atatopa, anjala, ena ali ndi manyazi amene sadzawaiwala msanga. Ndawayala poyera chifukwa zimandipweteka kuti zonsezi zimachitika popanda wina kufuna zoipa.

Yambani ndi chopereka. Lengezani kuti mwana aliyense abwere ndi ndalama ya chikondwerero, ndipo mayina a amene sanapereke muwalembe pabolodi. Tsikulo mulisankhe mu Januwale kapena Febuluwale, nkhokwe zili mbee, makoka ataletsedwa panyanja kuti nsomba ziswane. Ku Kachulu ndalama imachokera m'madzi. Matemba, makumba ndi milamba ndizo zimagula sopo, makope ndi yunifolomu. Bambo amatha masabata ali pa zimbowera mkati mwa nyanja, mayi akuyanika matemba kapena kuwamba milamba padoko, ndipo pakhomo ndalama imaoneka bwato likabwera ndi kanthu. Nyanjayi ndi yosaya, ilibe mtsinje wotulutsa madzi, ndipo moyo wake umadalira mvula ndi mitsinje monga Likangala, Domasi ndi Phalombe. Inauma mu 1968, inaumanso mu 1995, ndipo mu 2018 mabwato anatsala pamatope ong'aluka. Mu Malichi 2023 namondwe wa Freddy anabwera ndi vuto losiyana: madzi anasefukira, nyumba zinagwa, minda ya mpunga inamira. Mwana amene anabadwa mu 2018, chaka chimene nyanja inauma, anali asanayambe Sitandade 1 pamene madziwo ankalowa m'nyumba mwawo. Banja lotere mukalipempha chopereka silikangana nanu. Mayi amangouza mwana kuti lero usapite, ukalere mng'ono wako. Fizi ya ku pulayimale inathetsedwa mu 1994, koma chopereka cha tsiku limodzi chimakwanitsa ntchito yomweyo ya kale: chimasankha amene alowe. Mwana amene ankasowa tsikuli kuposa anzake onse ndiye amatsala kunyumba, akumvera ng'oma patali.

Pa chakudya, lamulani kuti aliyense adye chimene wabweretsa. Wina atsegula kontena ya mpunga ndi dzira, wina botolo la Fanta, wina watenga chimanga chokazinga m'thumba la malaya, wina alibe kanthu. Musawasakanize. Posachedwa muona ana awiri atatu akuzemba kupita kuseri kwa kalasi, akunamizira kuti akhuta. Mwana wa zaka zisanu ndi chimodzi amadziwa kale kubisa njala, ndipo tsiku limenelo mumuphunzitsa kuibisa bwino. Pewani mphika umodzi. Bungwe la Mary's Meals, limene linayamba kuphikira ana phala m'Malawi muno mu 2002, laonetsa m'sukulu zambiri kuti ana akamatunga mumphika umodzi, wolemera ndi wosauka amaima pamzere umodzi ndi kapu yofanana. Zimenezo zingakulepheretseni cholinga. Ngati mwaphika ndiwo, musafunse zimene mabanja amadya. Iwalani kuti m'kalasimo muli ana achisilamu, ndi a mpingo wa Seventh Day amene sadya mlamba.

Madzi osamba m'manja akhale m'beseni limodzi, ana onse aviike momwemo, ndipo thobwa lizungulire m'kapu imodzi. Apa nkhani yapitirira manyazi, yafika pa moyo. Kolera si mlendo ku Chilwa. Mu 2016 katemera wa kolera anachita kuperekedwa kwa asodzi a pa zimbowera, ndipo mliri wa 2022 mpaka 2023 unapha anthu oposa 1,700 m'dziko muno. Chidebe cha mpopi ndi kachidutswa ka sopo ndi zotsika mtengo kuposa nsalu yokongoletsera tebulo la alendo, koma wofuna kuwononga tsikuli agule nsaluyo.

Itanani mlendo wolemekezeka wochokera ku Zomba, ndipo musayambe kalikonse asanafike. Msewu wa ku Kachulu ndi wautali ndi wovuta, makamaka mvula ikagwa, choncho ana amene mwawafoletsa 8 koloko adzadikira mpaka dzuwa litafika paliwombo. Mipando ndi mthunzi wa mtengo zikhale za akuluakulu. Ana akhale pansi, padzuwa, ndipo mnyamata wa Sitandade 7 aziyendayenda ndi kamtengo kukhalitsa chete. Mwana wachialubino, amene khungu lake limapsa ndi dzuwa lotere, mumusiye pamzere womwewo wopanda chipewa. Mlendo akafika, alankhule onse: amfumu, apampando a komiti, a PTA, a mother group, alangizi a maphunziro a m'zoni, aliyense ayambe ndi kupereka ulemu kwa anzake onse mmodzimmodzi. Ulemu ndi chinthu chabwino ndipo ndimaulemekeza. Koma pamene wachisanu akuimirira, ana ang'onoang'ono agona kale, ena adzikodzera chifukwa choopa kupempha kutuluka.

Tsopano phunziro lenileni. Lembani pabolodi funso lakuti chimwemwe n'chiyani, mulembenso yankho lake, ana alibwereze mokuwa mpaka aliloweze. Kuli bwino likhale m'Chingerezi, chinenero chimene angochiyamba kumene, pamene kunyumba amaseka ndi kulira m'Chinyanja, m'Chiyao, ena m'Chilomwe. Jambulani keke ndi mabaluni, zinthu zimene ambiri sanazigwirepo, kuti amvetse kuti chimwemwe chimakhala kutauni. Chachikulu n'chakuti musawafunse. Mukangofunsa kuti ndani anaseka dzulo, ndipo chinamuseketsa n'chiyani, kalasi yonse idzuka. Wina anena za bambo ake amene anabwera kuchokera kunyanja usiku n'kumudzutsa kuti adye nsomba yootcha. Wina za ngumbi zimene anatola mvula yoyamba itagwa. Wina anakwera boti kupita kwa agogo ku chilumba cha Chisi, wina anaona mbalame zambirimbiri zikunyamuka pamodzi m'mabango, mbalame zomwezo zimene zinachititsa kuti nyanjayi ilembedwe pa mndandanda wa madambo otetezedwa a Ramsar. Ana amenewa amachidziwa chimwemwe. Chimene akusowa ndi munthu wamkulu womvetsera ndi kuwathandiza kuchitchula. Mukawapatsa mpata umenewo, ntchito yowononga yalephereka, choncho choko chisachoke m'manja mwanu.

Pa zisudzo ndi magule, sankhani ana khumi okha: oyera, a nsapato, a yunifolomu yosang'ambika. Muwaphunzitse ndakatulo kwa masabata atatu, ndipo wolakwitsa mzere alawe chikwapu, kuti pofika tsikulo mawu onena za kukondwa aziwatchula mawondo akugundana. Otsalawo, amene m'makalasi athu a Sitandade 1 amatha kupitirira 100, akhale oonerera. Mwana woyenda movutikira ndi mwana wachibwibwi musawaganizire n'komwe. Phada, fulaye, jingo, chipako ndi chibisalirano muziletse, poti zimadzutsa fumbi ndipo alendo avala bwino. Ndi masewera amene salira ndalama, ndipo mwana aliyense amalowamo osadikira kusankhidwa; n'chifukwa chake ali oopsa kwa wofuna kuwononga.

Agogo a m'mudzimo musawaitane. Akanatha kuimba ng'oma ya manganje, kapena kuonetsa ana mapondedwe a tchopa, gule wa Alomwe amene bungwe la UNESCO linamuika pa mndandanda wa chuma cha chikhalidwe cha anthu mu 2014. Akanatha kukamba nthano ana n'kumavomera. M'malo mwake bwerekani zimasipika ndi jenereta, nyimbo zikhale za kumalo omwera mowa, ndipo tiatsikana ta zaka zisanu ndi ziwiri tivine pakati pa bwalo akuluakulu akufupa. Amene wathyola kwambiri chiuno alandire zambiri. Izi ndimazinena ndi mtima wolemera, chifukwa padoko la nsomba, pamene ndalama imayenda m'manja mwa amuna obwera ndi kupita, ndipo atsikana ambiri amasiya sukulu n'kukwatiwa akadali ana, phunziro lakuti thupi likasangalatsa akulu limabweretsa ndalama ndi lomaliza limene mwana ayenera kulitenga pabwalo la sukulu.

Padzapezeka mwana mmodzi amene sakuseka. Mwina akulira, mwina wangokhala duu pakona. Uyu ndiye mayeso enieni a tsikuli, ndipo kumulakwira n'kosavuta: muuzeni kuti lero ndi tsiku losangalala, pano sitilira, apukute misozi msanga alendo asanaone. Musagwade kuti maso anu alingane ndi ake. Musafunse. Mwina bambo ake anapita kunyanja mphepo ya mwera ikuwomba ndipo sanabwerere. Mwina mayi ake ali kuchipatala, mwina sanadye dzulo, mwina phokoso la zimasipika likumukumbutsa usiku umene khoma linagwa. Mukamukakamiza kumwetulira, aphunzira kuti chimwemwe ndi chovala chimene munthu amavala akuluakulu akalamula, ndipo chisoni ndi mlandu. Anzake onse akuona, ndipo nawonso aphunzira kuti mnzako akalira umamusiya. Mphunzitsi amene amamukhazika pambali pake mwana wotere, kumupatsa kapu ya phala, n'kumulola kuti alowe m'masewera nthawi imene mtima wake wafuna, waphunzitsa kalasi yonse zambiri kuposa zolemba pabolodi. Inu musatero. Muyimikeni kumbuyo pojambula chithunzi, onse muwalamule kuti aonetse mano, ndipo chithunzicho chipite pa WhatsApp makolo asanafunsidwe.

Ngati mphamvu zikadalipo, phatikizani chikondwererochi ndi kulengeza zotsatira za mayeso. Werengani kuyambira nambala wani mpaka womaliza, mokweza, pamaso pa makolo. Atatu oyamba alandire makope ndi mapensulo. Olephera asiyidwe kuti anzawo awakuwize njira yonse yopita kwawo. Kwa mwana wa Sitandade 1 amene anajomba masabata angapo chifukwa cha malungo kapena madzi odzaza m'njira, tsiku limeneli likhoza kukhala lomaliza kuponda pasukulu.

Alendo akadya n'kunyamuka, ana atsale akusesa ndi kubweza mabenchi. Kenaka lembani lipoti lakuti mwambo unayenda bwino, mutchule alendo onse ndi maudindo awo, ndi ndalama zimene zinasonkhedwa. Musawerenge ana amene sanabwere, ndipo Lolemba lotsatira musafunse kalasi kuti chinawakomera n'chiyani, chinawawawa n'chiyani. Pepala la ndondomeko mulisunge mu ofesi ya ahedi, kuti chaka chamawa wokonza mwambo adzangosintha deti.