Nyimbo ya chikondi yopanda chikondi

Mu 1987 gulu la R.E.M. la ku Athens, Georgia, linatulutsa nyimbo ya "The One I Love". Mpaka lero ku America kuli madoda a imvi amene amanyadira kuti nyimbo imeneyi ndi imene anakopera mayi akunyumba. Ati ankachita kuimba foni ku wailesi kuti awaikire wokondedwa wawo.

Komatu mukatchera khutu kupitirira mzere woyamba, woimbayo akunena poyera kuti mnzakeyo ndi chotayitsa nthawi chabe, ndipo nyimbo isanathe wapeza kale wina. Mwini wake Michael Stipe anavomera kuti ndi yankhanza.

Madodawo ankangomva gitala basi. Amayiwo kaya sanamve, kaya anamva n'kungosunga mumtima kudikira tsiku lake. Ine ndikubetcha kuti anamva.