Mlandu wa poto wokhuthala

Thumba la makala kwathu kuno ku Mchinji siliona kutha kwa mwezi. Limafika pa njinga litanenepa, koma usanaiwale mtengo wake umangoona latsala fumbi. Ine monga mwini khomo ndinachita kafukufuku ndipo wakuba ndinamugwira: poto wokhuthala amene akunyumba anagula pa Kamwendo, uja anyamata amapanga posungunula zitini ndi zidutswa za injini. Ndinagamula kuti chitsulo chonsecho chimayamba chadya moto n'kukhuta, madzi asanalawe n'komwe.

Akunyumba sananditsutse. Anangoitana mwana wathu wa Fomu 3, amene masiku ano amanyamula buku la Physics ngati chiphaso chodutsira pa Mwami.

"Ababa, zimenezo zimawerengeka," anatero mtsikanayo. "Mutenge kulemera kwa potoyo, muchulukitse ndi nambala ya chitsulo chake, kenaka muchulukitsenso ndi madigiri amene mukufuna kuti akwere."

Nthawi yathu phunziroli linkatchedwa Physical Science, ndipo ine ndi ilo tinasiyana mwamtendere a MANEB asanayese n'komwe kutiyanjanitsa. Komabe ndinagwedeza mutu ndi ulemu wonse wa munthu wodziwa.

Mwanayo anati chitsulo chilichonse chili ndi dyera lakelake pa moto. Kuti kilogalamu imodzi ya aluminiyamu ikwere digiri imodzi, pamafunika ma joule 900. Chitsulo cha makasu chimakhuta ndi 450, pomwe kopa uja anzathu a ku Zambia amanyadira amangofuna 385. Ma joule amenewa akuti n'dzina la James Joule, Mngelezi wa ku Salford, mwana wa munthu wofulula mowa. Apa mtima unakhala m'malo, chifukwa anthu a ntchito imeneyo sindinawakayikirepo.

Ndinamva 900 ija ndipo ndinawomba m'manja. Ndiye kuti poto wathu ndi mdyomba woposa khasu kawiri! Ndinathamanga naye kwa venda wa mtedza kukamuika pa sikelo, ndipo analemera makilogalamu 2. Sikelo za mavenda tonse tikuzidziwa, koma poti sindinkagulitsa, ndinaikhulupirira.

Tinayambira pa madigiri 20 kukafika pa 100. Mwanayo anafuna kuvuta, ati kuno n'kumtunda ndiye madzi amawira asanafike pa 100, koma ndinamuuza kuti asalowetse ndale. Choncho 2 kuchulukitsa ndi 900, kuchulukitsanso ndi 80, tinapeza ma joule 144,000.

"Mwamva, mayi?" ndinakuwa. "Poto yekha 144,000!"

"Nanga madziwo?" anafunsa akunyumba, maso ali pa nyemba zimene ankasankha.

Madzi, abale anga, ndiye nkhalamba ya dyera. Nambala yake ndi 4,200. Malita 5 amene timatereka m'mawa, pa madigiri 80 omwewo, amameza ma joule 1,680,000. Poto amene ndakhala ndikumunenera zamwano sadya ngakhale gawo limodzi mwa magawo khumi a zimene madzi amadya. Ndipo madzi ambiriwo ndi anga osamba, poti m'mwezi wa Juni mphepo ya kuno sindigwirizana nayo.

Munthu wamkulu sagonja pamaso pa mwana, ndiye ndinatembenuza mlandu. Ndinafunsa kuti m'makala muli moto wochuluka bwanji. Mwanayo anati kilogalamu imodzi ya makala abwino imasunga ma joule pafupifupi 30 miliyoni. Tinaphatikiza za poto ndi za madzi n'kupeza 1,824,000, tinagawa, ndipo zinatuluka kuti makala a magalamu 60 okha ndi okwanira. Ndinaimirira. Ndinauza akunyumba kuti sayansi yawagwira, akhala akudzaza mbaula mpaka pakamwa pomwe timakala ta m'dzanja limodzi tikanatha ntchito.

"Chabwino, bambo," anatero mofatsa. Anasankha timakala tingapo, anandiika m'manja, thumba lija analowa nalo kuchipinda n'kukhoma.

Ndinakoleza. Ndinakupiza ndi chivundikiro cha ndowa, ndinagwada n'kuuzira mpaka phulusa linalowa m'maso. Timakala tija tinayaka mokongola ndithu, moto ukutenthetsa mbaula, ukutenthetsa khonde, wina ukupita ndi mphepo cha ku Chipata. Ngakhale galu wa aneba anabwera kudzaotha. Titazima ndinaviika chala m'madzi, ndipo anali ofunda pongokwanira kutsukira mbale ya munthu amene sanadyere ndiwo zamafuta.

Ndinafunsa mwana uja kuti mphepo ili pati m'masamu ake. Anati masamuwo amangonena moto umene walowa m'poto, umene wasochera panjira sauwerenga, ndipo pa mbaula yachitsulo wosocherawo ndiye wambiri. Anawonjeza kuti zikanathandiza ndikanavundikira potoyo. Chivundikiro chake n'kuti ndili nacho m'thumba la jekete, poti ndinachichotsa kuti chisawonjezere kulemera.

Akunyumba analengeza kuti nsima iphikidwa ndikamaliza kuwerengera mphepo. Ndinatsetserekera pa chiwaya kumsika, ndipo poona chitsulo chija chili pa moto ndinayamba kufotokozera mnyamata wa tchipisi za 450 ija, n'kumufunsa ngati amadziwa kulemera kwa chiwaya chake.

"Madala, mukufuna ya zingati?" anatero. "Komanso ya dzana ija simunapereke."