Nsima ya pachitseko

"Fodya wako ndi amene ali pamphuno, wa pachala ndi wa mphepo." Amene anayamba kunena mawu amenewa ayenera kuti anali nkhalamba yofwenkha, imene tsiku lina inatapa fodya m'kabotolo, ili mkati mokweza chala, kamphepo ka mu Ogasiti n'kudutsa. Inatsala yangonunkhiza chala.

Ku Kasungu mwambiwu sufuna womasulira. Mlimi amafesa nazale cha mu Seputembala, amawokera mvula ikagwa, kenako kuthyola, kusoka, kuyanika m'chigafa, kusankha, kudinda mabelo ndi jeke, mpaka kuwatumiza ku okushoni ya Chinkhoma kapena ya Kanengo msika ukatsegulidwa cha mu Epulo. Miyezi yonseyo fodya ali pachala. Mtengo umatchulidwa m'madola a ku America, khutu n'kukoma, koma mphepo zimakhala zitandandalika kale: ngongole ya feteleza, mwini lole, matenanti, sukulu fizi. Wofika pamphuno ndi wotsalawo.

Makolo anawerenga mitundu iwiri yokha, wa pamphuno ndi wa pachala. Sanalote kuti kudzabwera mtundu wachitatu, umene mphepo singautenge koma mwiniwake sangaulawe. Mtunduwo wafika, ndipo umakhala pachitseko cha firiji. Ndi tizakudya toumba ndi dongo, tating'ono ngati njere ya mtedza wa chalimbana kapena kuposerapo pang'ono, kumbuyo kwake atamatako maginito.

Kunja luso limeneli lili ndi mbiri yake. Dongo lomwe ambiri amaumbira si la kudambo ayi, ndi la pulasitiki. Lodziwika kwambiri ndi Fimo, la ku Germany, lomwe anayambitsa ndi Sophie, mwana wa Käthe Kruse, mayi wotchuka popanga zidole, ndipo lakhala likugulitsidwa ndi dzina limeneli kuyambira 1966. Silimauma likasiyidwa patebulo. Limalimba likawotchedwa mu uvuni pa madigiri 110 kwa mphindi 30. Ku Japan anapita patali: mu 1932 Takizo Iwasaki anatsegula bizinesi ku Osaka yopanga zakudya zonamizira zoika pawindo la malesitilanti, ndipo mpaka lero tauni ya kwawo, Gujo, imadyera pomwepo. Anthu akudyadi nsima yeniyeni pogulitsa ndiwo zabodza.

Mwana wa ku Santhe kapena ku Chamama atamva zimenezi angaseke, chifukwa iye anayamba kuumba asanadziwe kulemba dzina lake. Kubusa, ng'ombe zenizeni zikudya, iye amakhala pachulu akuumba zake, za nyanga zazitali ndi linunda. Atsikana pamasanje amaumba timiphika ndi timitanda ta nsima. Kusiyana kwake n'kwakuti palibe amene ankamulipira, ndipo akalowa nazo m'nyumba ankakalipiridwa kuti akudetsa mkeka.

Tsono kuumba chakudya cha kuno kuli ndi malamulo ake. Mtanda wa nsima umaoneka wophweka, koma ndiwo umayalutsa woumba: ukakhala wozungulira kwambiri umasanduka dzira, ukaphwatalala umasanduka sopo wotsala. Pamafunika kaphewa kamene chipande chimasiya poomola. Mamba a chambo amalembedwa ndi singano, limodzilimodzi. Chitumbuwa amachigogoda ndi mswachi wakale kuti chikhale ndi timabowo, kenako n'kuchipaka utoto wofiirira m'mbali ngati chachedwa pang'ono m'mafuta. Nkhwani wotendera ndi wovuta, poti ngakhale weniweni saoneka bwino pachithunzi. Usipa ndiye chilango: kuti kambale kaoneke kodzadza, munthu aumbe tinsomba makumi awiri, kalikonse ndi diso lake. Mbewa zapampani zimatuluka bwino kwambiri, koma si mlendo aliyense amene amakondwa kuziona pakhomo la firiji.

Woumba ndi dongo la kudambo aziyanika pamthunzi, chifukwa dzuwa la ku Kasungu limang'amba dongo lisanaume mkati. Akawotcha ngati mmene amayi amawotchera mbiya, maginito amamatidwa pomaliza, popeza moto waukulu umawatha mphamvu. Ndipo amene akuganiza zolowetsa Fimo m'balani ya fodya wa fuluu kuti apulumutse magetsi angotaya nthawi. Balani imathera cha pa madigiri 70, ndiye chambo chake chidzatuluka chosapsa, chikununkha ndudu.

Vuto lenileni ndi pomata. Kalembera wa 2018 anapeza kuti mabanja pafupifupi 11 okha pa 100 aliwonse m'Malawi ndiwo ankaunikira magetsi, ndipo kumidzi chiwerengerocho n'chotsika kwambiri. Firiji ya kumudzi ndi mtsuko woikidwa pakona, umene umaziziritsa madzi popanda bilu. Mtsuko ndi dongo, ndiye maginito sagwirapo: dongo limakana mbale wake. Firiji ya m'golosale ili ndi chitseko chagalasi. Yogulitsira mafirizi ndi thobwa imatsegukira m'mwamba, ndipo pachivundikiro pake pamakhala kale mbale ya ndalama ndi mwana wa eni ake. Potsala ndi pamalata, pa felemu ya njinga, kapena pa jeke, ndipo palibe amene anafikapo pokongoletsa jeke.

Komanso maginito ku Kasungu ali ndi ulemu wawo. Mu 2002, chaka chimene njala inasautsa boma limeneli, William Kamkwamba wa ku Wimbe, mnyamata amene anali atasiya sukulu chifukwa chosowa fizi, anamanga makina oyendera mphepo ndi zitsulo zotola ndi dayinamo ya njinga. M'kati mwa dayinamo muli maginito. Mnyamatayo anachita zimene nkhalamba ya mwambi ija sinaganize: mphepo yolanda fodya anailemba ganyu, n'kuyatsa babu. Kudera kotere, kupatsa maginito ntchito yonyamula mandasi osadyeka kuli ngati kutuma mphunzitsi wa ku Kamuzu Academy kukagula machesi.

Koma nsima ya pachitseko isanyozedwe msanga. Mu Januwale 2022 namondwe Ana anawononga malo opangira magetsi a Kapichira, dziko n'kutaya mamegawati pafupifupi 130 kwa nthawi yoposa chaka. Amene anali ndi mafiriji anaphunzira kuti nyama ya m'kati nayonso ili pachala. Inkasungunuka, kuuma, kusungunukanso, mpaka banja lonse kudya nyama m'mawa, masana ndi madzulo mokakamizika, nkhope zili zachisoni ngati pamaliro. Chambo cha pachitseko sichinasinthe ngakhale fungo. Alendo obwera nthawi ya nkhomaliro sachichepetsa. Mtengo wa chimanga ukakwera mu Febuluwale, mtanda wake umakhala womwewo. M'nyumba zambiri zam'tauni, pofika pa 20 mwezi, chitseko chimakhala ndi ndiwo zambiri kuposa m'kati, momwe mumangotsala botolo la madzi ndi theka la anyezi.

Ovutika ndi agogo akabwera kudzacheza kuchokera kumudzi. Amaima pafiriji, n'kuyang'anitsitsa kambale ka nsima ndi usipa, n'kukakanda ndi chikhadabo.

"Apongozi, kodi nsima iyi mwasungira yani?"

"N'zokongoletsa chabe, amayi. Ndi dongo."

"Dongo? Mwagula?"

"Eya, amayi."

Agogo sayankha. Kumudzi ali ndi chulu chathunthu kuseri kwa nyumba, ndipo akuoneka kuti akuwerengetsa. Amakhala pampando, n'kumasula kabotolo kansonga ya chitenje, n'kutapa fodya. Fani ya pakona ikuzungulira, yatsala pang'ono kuwalunjika. Pomwepo magetsi phethi! Fani imaima, firiji imasiya kung'ung'udza, ndipo agogo amakweza chala mwaufulu, n'kufwenkha wonse. Akatha kuyetsemula amafunsa ngati tinsomba timeneti amagula payekhapayekha kapena pamulu.